Tikadye kuti ku Lyon? Zokambirana za malo abwino odyera zakudya za Chifalansa

Bambo a Tadala, Leeds

Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Mwezi wa Okutobala ine ndi mayi a kunyumba tikwanitsa zaka 25 tili pa banja, ndipo ana athu asonkherana n'kutigulira matikiti a ndege opita ku Lyon, m'dziko la France, kumene tikakhale kuyambira Lachinayi mpaka Lolemba. Anasankha mzindawu chifukwa mayi awo akhala akulakalaka kuona Tabitha Chawinga akusewera pa bwalo kuchokera pamene analowa timu ya kumeneko mu 2024, koma ine nditayamba kufufuza ndapeza kuti Lyon ndi wotchuka kwambiri pa nkhani ya zakudya. Chimene chandisokoneza n'chakuti pa intaneti malo alionse akudzitcha abwino koposa, ndipo mayina ambiri lilime langa likukana kuwatchula. Ndalama imene ndapatula ingakwanire chakudya chimodzi chapamwamba ndithu, cha chikondwererocho, ndi zakudya zina zamtengo wapakati. Mnzanga wa kuntchito wandiuza kuti ndisataye nthawi, ndingopita ku lesitilanti ya wophika wotchuka Paul Bocuse. Inu amene mukuudziwa mzindawu, kodi akunena zoona?

NaBanda, Villeurbanne

Zikomo bambo, ndipo mafuno abwino kwa inu ndi mayi. Ine ndakhala kuno zaka zisanu ndi zinayi, ndipo Villeurbanne ndi Lyon zinalumikizana moti munthu sadziwa pamene wadutsa malire. Mnzanuyo sananame, koma wakuuzani mbali imodzi yokha. Anthu a kuno mukawafunsa kumene amadya akafuna chakudya cha kwawo, satchula malo a nyenyezi, kutanthauza malo apamwamba amene buku loyesa malo odyera la Michelin linawapatsa nyenyezi imodzi, ziwiri kapena zitatu, koma amatchula timalo tating'ono totchedwa bouchon. Mumakhala matebulo ochepa oyandikana kwambiri, nthawi zambiri oyalidwa nsalu ya mabokosi ofiira ndi oyera, ndipo mumadya chigongono chanu chikugundana ndi cha munthu amene simukumudziwa.

Amene ndingakutumizeniko mopanda mantha ndi Café des Fédérations, Le Garet ndi Chez Hugon, onse ali pafupi ndi nyumba ya khonsolo ya mzinda, pa dera limene lili pakati pa mitsinje iwiri ya Rhône ndi Saône. Kum'mwera kwa dera lomwelo kuli Café Comptoir Abel, amene amatchuka ndi quenelle, chakudya chopangidwa ndi nyama ya nsomba yopera pamodzi ndi ufa, mazira ndi batala, chimene chimatupa mu uvuni mpaka kudzaza mbale. Palinso Daniel et Denise, malo a wophika wotchedwa Joseph Viola, amene ali ndi nthambi zitatu mumzindamu, ndipo kumeneko zakudya ndi zomwezo za makolo koma zokonzedwa mosamala kwambiri.

Chimene mudzadabwe nacho n'chakuti chakudya cha mu bouchon si chachilendo kwa Mmalawi. Ndi zamkati, bambo: chifu, matumbo, chiwindi, mang'ina, mutu wa thole. Tsiku loyamba pamene apongozi anga ananditengera kumeneko ndinkayembekezera tizakudya tokongola tochepa tija timaona pa kanema, koma anandibweretsera chibanthu cha chifu cha ng'ombe chokazinga, chachikulu ngati chikhatho cha mlimi, ndipo ndinangoti mumtima kuti ndabwerera pa chiwaya.

Aphunzitsi opuma, Zomba

Ndiloleni ndithirire ndemanga pa zimene anena a NaBanda, poti ndinaphunzitsa Chifalansa zaka zambiri ndipo ndinakhalako ku Lyon miyezi ingapo ndili pa maphunziro. Zakudya za zamkatizo zinachokera kwa anthu osauka. Lyon unali mzinda wa nsalu za silika, ndipo oomba nsaluwo, amene ankatchedwa canut, ankakhala pa phiri la Croix-Rousse m'nyumba za madenga aatali kuti makina awo akwanemo. Ankalipidwa mochepa kwambiri moti anaukira mu 1831 ndiponso mu 1834. Munthu woyamba ntchito kusanache amamva njala dzuwa lisanakwere, choncho iwo anali ndi chakudya cham'mawa chotchedwa mâchon, cha nyama ya nkhumba ndi vinyo, ndipo nyama imene akanaikwanitsa inali imene olemera ankaisiya. Ngakhale dzina la chakudya china limakumbutsa zimenezi: cervelle de canut ndiye kuti ubongo wa woomba nsalu, komatu mulibe ubongo, ndi tchizi chofewa choyera chofanana ndi chambiko cholimba, chosakaniza ndi adyo, anyezi ndi timasamba tonunkhira.

Kutchuka kwa mzindawu kunabweranso ndi amayi amene ankaphika m'nyumba za mabanja olemera, ndipo atasiya ntchitozo anatsegula malo awoawo. Anthu ankangowatcha Mère, ndiye kuti Mayi. Wolemba nkhani za zakudya wotchedwa Curnonsky anatcha Lyon likulu la zakudya la dziko lonse lapansi mu 1935, ndipo nthawi imeneyo khitchini zotchuka za mumzindamo zinali m'manja mwa amayiwa. N'chifukwa chake ine ndimadandaula pang'ono mlendo akangodziwa dzina la Bocuse, chifukwa Bocuse anaphunzira ntchito kwa mmodzi wa iwo.

Mayi a Yamikani, Brussels

Ine ndikhala kumbali ya mnzanu wa kuntchito uja. Zaka 25 za ukwati si tsiku lokadyera matumbo mopanikizana ndi anthu osawadziwa. Ine ndi bambo a kunyumba tinapita kwa Bocuse, ku L'Auberge du Pont de Collonges, pafupifupi makilomita 10 kumpoto kwa mzinda m'mbali mwa Saône, ndipo mpaka lero timakambabe za usiku umenewo. Nyumba yake ndi yopakidwa utoto wofiira ndi wobiriwira moti simungaiphonye. Tinadya supu yotchuka ija imene Bocuse anaphikira Pulezidenti Valéry Giscard d'Estaing mu 1975, ya bowa wakuda womera pansi pa nthaka wotchedwa truffe. Imabwera m'kambale kovindikiridwa ndi chikhokho chotupa cha ufa ndi batala, ndipo mukaboola ndi sipuni fungo lake limakufikani kumaso lonse nthawi imodzi. Kenako anatibweretsera nsomba yathunthu yokutidwa ndi chikhokho chojambulidwa mamba ndi zipsepse, n'kuidulira pa tebulo tikuona. N'zoona kuti munthu mmodzi amalipira mayuro opitirira 200, koma zinthu zina munthu amachita kamodzi pa moyo.

Wophika, Cape Town

Ndalonjera akuluakulu nonse. Ine ndagwira ntchito m'khitchini zaka 14, zambiri mwa izo ku Franschhoek pansi pa ophika ophunzitsidwa Chifalansa, ndipo ndinayambira pa kutsuka mapoto monga amayambira Amalawi ambiri kuno. Ku Lyon ndinapitako kamodzi ndi abwana anga pa nthawi ya mpikisano wa ophika wa Bocuse d'Or, umene unayamba mu 1987, ndipo masiku amenewo tinadya ngati anthu otumidwa.

Mayi a Yamikani, sindikutsutsa kuti munadya bwino, chifukwa luso la pa nyumba imeneyo ndi lenileni. Koma a bambo a Tadala ayenera kudziwa chimene akukagula. Bocuse anamwalira mu Januwale 2018, ndipo mu 2020 a Michelin anachotsa nyenyezi imodzi pa zitatu zimene malowo anali nazo kuyambira 1965. Anthu ambiri ku France anakwiya nazo, ena anati a Michelin alibe ulemu, ena anati nthawi inali itakwana. Kwa ine, kupita kumeneko kuli ngati kukaona nyumba ya mfumu yaikulu imene inapita: zonse zili m'malo mwake, zophikidwa ndendende monga mwini ankafunira, ndipo mbali ina ya ndalama yanu mukulipira dzina.

Ndikanakhala ine ndi ndalama ya chakudya chimodzi, ndikanapita ku La Mère Brazier, pa nambala 12 rue Royale, mkati mwa mzinda momwe. Eugénie Brazier anali mwana wa kumudzi amene anakula akugwira ntchito m'mafamu, anabwera mumzinda kudzagwira ntchito ya m'nyumba, anaphunzira kwa Mère Fillioux, ndipo mu 1921 anatsegula malo ake. Mu 1933 analandira nyenyezi zitatu pa malo amenewa ndi zitatu zina pa malo ake achiwiri a ku Col de la Luère, zonse pamodzi zisanu ndi imodzi, chinthu chimene panalibe anali atachitapo. Bocuse anafika kwa iye mu 1946 ali mnyamata wa zaka 20. Kuyambira 2008 malowa ali m'manja mwa Mathieu Viannay ndipo ali ndi nyenyezi ziwiri. Chimene chinandigwira mtima monga wophika ndi nkhuku ya ku Bresse imene amailowetsa tizidutswa ta truffe pansi pa khungu n'kuiwiritsa pang'onopang'ono mu msuzi. Amaitcha demi-deuil, kutanthauza chovala cha munthu amene akumaliza kulira maliro, chifukwa cha madontho akuda ooneka pa khungu loyera. Nkhuku yowiritsa ilibe pobisala: ikapitirira pang'ono yauma, ikachepa pang'ono ndi yaiwisi pa fupa, ndipo mpamene mumadziwira ngati m'khitchini muli anthu odziwa ntchito.

Mayi a Yamikani, Brussels

Achimwene a ku Cape Town, ngati onse awiri ali ndi nyenyezi ziwiri, ndiye kuti a Michelin omwe mukuwadalirawo akuti ndi ofanana. Ndiponso La Mère Brazier nayo si dzina la munthu amene anamwalira kalekale? Ngati kwa Bocuse tikulipira dzina, kumenekonso tikulipira dzina.

Wophika, Cape Town

Mwandigwira pamenepo mayi, ndipo ndikuvomera. Kusiyana kumene ndikuona n'kwakuti ku rue Royale kuli wophika wamoyo amene amatenga zakudya za mayi uja n'kuziphika m'njira yake, pamene ku Collonges ntchito yaikulu ndi kusunga. Koma nyenyezizo tisazipembedze. Michelin ndi kampani ya matayala ya ku Clermont-Ferrand imene inayamba kusindikiza kabuku kake mu 1900 pofuna kuti anthu aziyenda maulendo, matayala azitha, azigula ena. Nyenyezi zimakuuzani kuti khitchini siphonyaphonya, sizikuuzani kuti inuyo mudzasangalala.

Bambo a Tadala, Leeds

Ndathokoza kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri usiku umodzi. Koma nditawawerengera mayi a kunyumba zimene mwalembazi, andikumbutsa chinthu chimene ndinayenera kunena poyamba, ndipo ndikupepesa. Iwo ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist, ine ndine wa CCAP. Sadya nkhumba, sadya nkhanu ndi zina zotero za m'madzi zopanda mamba, samwa mowa, ndipo kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa sitingapite kukagula chakudya. Mwamwayi mpirawo uli Lamlungu. Kodi zimenezi sizikugwetsa zonse zimene mwanena?

NaBanda, Villeurbanne

Sizikugwetsa zonse bambo, koma mwachita bwino kunena, chifukwa ku Lyon nkhumba imabisala m'malo amene munthu sangaganizire. Saladi imene imatchedwa salade lyonnaise imaoneka ngati masamba ndi dzira chabe, koma mumakhala tizidutswa ta nyama ya nkhumba totchedwa lardons. Soseji zimene amaika pa tebulo musanaitanitse chilichonse, monga rosette, ndi za nkhumba, chimodzimodzinso tokazinga touma totchedwa grattons. Quenelle imene ndinaiyamikira ija ndi ya nsomba ya mamba yotchedwa brochet, yaitali ndi yolusa ngati ncheni, koma kawirikawiri imabwera ndi msuzi wa Nantua umene amapanga ndi tinkhanu ta m'mitsinje, choncho mayi ayenera kufunsa kaye za msuziwo. Ndikunena mosabisa kuti mu bouchon weniweni mayi adzakhala ndi zosankha ziwiri kapena zitatu basi, monga nkhuku yophikidwa ndi viniga kapena chiwindi cha thole.

Komabe sindikubweza mawu anga. Pitani ku bouchon Lachinayi usiku, inu mudye chifu chija, chimene dzina lake ndi tablier de sapeur, mayi adye nkhuku, ndipo mumalize ndi tarte à la praline, chitumbuwa chofiirira chopangidwa ndi mtedza wa amondi wokutidwa ndi shuga. Kufika ku Lyon osalowa mu bouchon kuli ngati kufika ku Mangochi osadya chambo.

Mlongo wanu wa ku Mangochi, Paris

Popeza a NaBanda atchula kwathu, ndalowa. Ine ndine Msilamu ndipo ku Lyon ndimapitako kawirikawiri pa ntchito, ndi ulendo wa maola awiri pa sitima yothamanga. Vuto la mayi ndimakumana nalo nthawi zonse, ndipo ndikufuna kuwonjezera zinthu ziwiri zimene anthu odya chilichonse sazilabadira.

Choyamba ndi vinyo wa mu chakudya. Chifu chimene a NaBanda akuchiyamikiracho amachiviika mu vinyo woyera asanachikazinge, ndipo misuzi yambiri ya Chifalansa imayamba ndi vinyo. Ophika amati mphamvu yake imatha pa moto, koma zimenezo munthu amasankha yekha malinga ndi chikumbumtima chake, bola adziwe. Chachiwiri chikukhudza malo apamwamba omwewo. Kwa Bocuse kuli chakudya chotchuka cha nkhuku ya ku Bresse yotchedwa en vessie, ndipo mawu amenewa akutanthauza kuti nkhukuyo amaiphikira m'chikhodzodzo cha nkhumba chimene chimafufuma ngati mpira. Munthu wosadziwa Chifalansa angaone mawu akuti nkhuku n'kuitanitsa ndi mtima wonse. Ubwino wa malo a nyenyezi ndi wakuti mukamasungitsa tebulo amakufunsani zimene simudya, ndipo mukawauza masiku angapo zisanachitike amakonzekera popanda kukuyang'anani moipa. M'timalo tating'ono zimadalira munthu amene mwamupeza tsiku limenelo.

Ine malo amene ndimadya ndi mtendere ndi Le Sud, imodzi mwa malo anayi otsika mtengo amene Bocuse anatsegula mumzinda n'kuwatcha mayina a mbali za dziko: Le Nord, Le Sud, L'Est ndi L'Ouest. Le Sud ili pafupi ndi bwalo lalikulu la Bellecour ndipo imaphika zakudya za kunyanja ya Mediterranean, kumene nsomba, masamba ndi mafuta a maolivi zimachuluka kuposa nkhumba. Mukatero mnzanu wa kuntchito uja mudzamuuza kuti kwa Bocuse munadyako ndithu, osanama.

Wophika, Cape Town

Nkhani ya Sabata ija ine ndikuiona ngati mwayi. Malo ambiri a nyenyezi ku France amakhala ndi mndandanda wa zakudya wa masana pa masiku a ntchito, umene mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa usiku, pamene khitchini ndi yomweyo ndipo ophika ndi omwewo. Chikondwerero chanu chiikeni Lachisanu masana. Mukakhala pa tebulo cha m'ma 12 koloko mudzatuluka cha m'ma 3, dzuwa likadali m'mwamba, ndipo mudzakhuta moti usiku buledi ndi zipatso zidzakukwanirani. Sungitsani malo panopa, osadikira Okutobala.

Pa nyama yootcha kapena yokazinga, dziwiranitu kuti Afalansa amaikonda yofiira mkati. Mukanena kuti à point, imene iwo amaiyesa yapakati, Mmalawi amaiona ngati ikadali ndi magazi. Mawu anu ndi bien cuit. Koma m'malo mokangana ndi wophika pa nyama ya ng'ombe, ndi bwino kusankha zakudya zimene mwachibadwa zimaphikidwa nthawi yaitali, ndipo ku Lyon zilipo zambiri.

Wophunzira, Grenoble

Ndikupempha kuchenjeza pa chinthu chimodzi chimene chinandichitikira, kuti makolo athuwa asagwe m'mbuna yomweyo. Ku dera lakale la mzinda, Vieux Lyon, kumene alendo onse amapita kukaona nyumba zakale ndi tinjira todutsa m'kati mwa nyumba, pafupifupi khomo lililonse lalembedwa kuti bouchon. Ine ndi anzanga tinalowa pa malo ena chifukwa munthu anaima pakhomo n'kumatikodola, ndipo mndandanda wake unali ndi zithunzi komanso zilankhulo zingapo. Quenelle imene anandipatsa inali yotentha kunja koma yozizira pakati, chizindikiro chakuti inachokera mu firiji n'kungotenthetsedwa, ndipo anatibweretsera madzi a m'botolo osatifunsa n'kuwaika pa bilu. Sindikunena kuti dera lonselo ndi loipa, poti nthambi imodzi ya Daniel et Denise ili komweko. Koma malo abwino sakodola anthu pa msewu chifukwa amakhala atadzaza kale.

Pali zizindikiro zothandiza. Kuyambira 2012 pali chikwangwani cholembedwa Les Bouchons Lyonnais chimene chimaperekedwa kwa malo amene ayesedwa, ndipo ena akale ali ndi chithunzi cha Gnafron, chidole cha mphuno yofiira cha m'masewero a mumzindawu. Pa mndandanda wa zakudya yang'anani mawu akuti fait maison, kapena kachizindikiro ka poto wokhala ndi denga la nyumba pamwamba, kutanthauza kuti chakudyacho chaphikidwa pomwepo. Madzi a pa mpopi ndi aulere mukanena kuti une carafe d'eau, buledi nayenso ndi waulere, ndipo mtengo wolembedwa umaphatikiza kale malipiro a operekera zakudya, choncho mukasiya mayuro awiri kapena atatu ndi kuthokoza chabe.

Aphunzitsi opuma, Zomba

Mwana wathu wa ku Grenoble wanena zanzeru. Ndiwonjezere za nthawi, chifukwa inenso zinandipweteka. Kwathu kuno munthu amalowa mu lesitilanti 4 koloko masana n'kupeza nsima. Ku France khitchini zambiri zimapereka chakudya kuyambira 12 mpaka cha m'ma 2, kenako zimatseka mpaka cha m'ma 7 kapena hafu pasiti 7 usiku, ndipo mabouchon ambiri satsegula Lamlungu, ena ngakhale Loweruka. Pa chifukwa chimenechi, Loweruka usiku Sabata ikatha ndikukulangizani Brasserie Georges, pafupi ndi siteshoni ya Perrache. Inatsegulidwa mu 1836 ndi munthu wochokera ku Alsace, ndi holo yaikulu yolowa anthu mazanamazana, ndipo imagwira ntchito masiku onse. Chakudya chake chodziwika ndi kabichi wowawasa wokhala ndi nyama ya nkhumba, chimene mayi adzachilambalala, koma mndandanda wake ndi wautali ndipo nsomba zimakhalapo. Sindinganene kuti ndi kumene amaphika bwino koposa mumzindawu, ayi, koma mukawauza kuti muli ndi chikondwerero amaliza kalimba kawo kakale holo yonse n'kuwomba m'manja.

Ndipo bambo a Tadala, musakalowe m'malo amenewa ngati munthu wopempha. Mu 2010 bungwe la UNESCO linalemba mwambo wa kadyedwe ka Afalansa pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi, ndipo mu 2017 linalembanso nsima ya ku Malawi pa mndandanda womwewo. Chimene analemba pa za Afalansa si mtengo wa chakudya koma kukhala pansi pamodzi nthawi yaitali, mbale ikubwera pambuyo pa inzake. Operekera zakudya sadzakubweretserani bilu mpaka mutaipempha, ndipo kumeneko si kunyozera.

NaBanda, Villeurbanne

Lamlungu m'mawa musanapite ku mpira, dutsani pa msika wa Les Halles de Lyon Paul Bocuse ku Part-Dieu, umene umatsegula mpaka masana. Ndi kumene ophika ambiri a mumzindawu amagula zinthu. Gulani tchizi chaching'ono cha Saint-Marcellin kwa Mère Richard, chofewa moti chimafuna sipuni, ndi buledi. Ndipo bambo, ngati mudzafune kulawa vinyo wa Beaujolais Lachinayi lija, mu bouchon amabwera m'botolo la tsinde lochindikala lotchedwa pot, la masentilita 46. Anthu amasimba kuti mabwana a silika ankadula pang'ono pa theka la lita la wantchito aliyense kuti botolo lina likhale lawo. Kwa munthu mmodzi ndi wambiri, pemphani tambula imodzi.

Pa andouillette pokha ndikusiyirani nokha. Ndi soseji ya matumbo, ya ku Lyon yeniyeni imakhala ya thole ngakhale ambiri amagwiritsa ntchito ya nkhumba, ndipo fungo lake limathamangitsa alendo ochuluka. Ine zinanditengera zaka zitatu.

Wophika, Cape Town

Achemwali, munthu amene anakulira pa nthumbwana za mbuzi sangathawe andouillette. Bambo a Tadala, itanitsani.

Bambo a Tadala, Leeds

Ndabwerera ku zokambirana zino patapita miyezi iwiri kuti ndipereke lipoti, poti kungolandira malangizo n'kusowa si ulemu. Tinatsata dongosolo limene munatikonzera pafupifupi lonse. Lachinayi usiku tinadya mu bouchon, ndipo a NaBanda munanena zoona: titangokhala pansi anatiikira mbale ya nyama ya nkhumba imene sitinaipemphe, mayi anaikankhira kwa ine mwaulemu, ndipo mayi wina wachikulire wa pa tebulo loyandikana nalo, ataona kuti tikulimbana ndi mndandanda, anatimasulira zonse ndi Chingerezi chake chochepa. Chifu chija ndinachimaliza chonse. Andouillette ndinaitanitsa monga munandilamulira achimwene a ku Cape Town, ndinadya theka, ndipo ndikuuzeni kuti nthumbwana za kwathu sizinunkha choncho.

Lachisanu masana tinapita ku La Mère Brazier. Ndinali nditawalembera zimene mayi sadya, ndipo woperekera zakudya anazibwereza yekha tisanamukumbutse, n'kufotokoza mbale iliyonse asanaiike pa tebulo. Tinakhala maola atatu. Mayi a Yamikani, kwa Bocuse sitinafike, choncho mkangano wanu ndi achimwene sindingauweruze, ndipo Le Sud tinangoidutsa pakhomo chifukwa masiku anatithera. Loweruka usiku kalimba ka ku Brasserie Georges kanalira kangapo chifukwa cha anthu ena, koma ife tinachita manyazi kunena za chikondwerero chathu.

Mu ndege pobwerera ndinawafunsa mayi kuti pa zonse zimene tinadya chinawakomera koposa n'chiyani, ndikuyembekezera kuti atchula chakudya cha Lachisanu chimene ndinalipira ndalama zambiri chija. Iwo anatchula tchizi cha Saint-Marcellin ndi buledi zimene tinadyera pa benchi m'mbali mwa Rhône Lamlungu m'mawa, ndipo anawonjezera kuti tchizi china achikulunga mu juzi langa m'chikwama. A NaBanda, juzilo tachapa kawiri. Kodi pali chimene anthu a kumeneko amagwiritsa ntchito kuti fungolo lichoke?